Phazi la Mayi Telala pa Mabuleki a Vani

Akazi a amuna oledzera ali ndi kamwayi kamodzi, amadziwa chokanena kwa abale. Mayi Telala analibe mwayi umenewo. Amuna awo sankamwa kapena kusuta, koma ankakonza zinthu, ndipo umenewu ndi mlandu wovuta kuufotokoza kwa munthu amene sanakhale nawo m'nyumba. Wailesi ikangosasa mawu, ankaimasula. Chitseko chikalira, ankachizula n'kuchiyedzeka kukhoma mpaka alendo kuchizolowera. Chilichonse yankho lake linali limodzi, moti anthu a mumsewu wawo anaiwala dzina lawo lenileni n'kumangowatcha a Ndikonza.

Mayiwo anakulira pa makina osokera. Anayamba kuwaponda ali mtsikana pakhonde la sitolo ya eni, kenako anagula awoawo n'kuwaika pawindo la pabalaza, pomwe anasokera mayunifolomu ndi madiresi mpaka ana awo onse kumaliza sukulu. Vani inali ya bambowo, yoyera kalekale, yonyamula katundu wa anthu osamuka. Kugalaja inali isanapondeko. Pa ntchito zonse za vaniyo, imodzi yokha ndi imene a Ndikonza sankatha kuigwira okha, yochotsa mpweya m'mabuleki. Pamafunika wina pampando wopopa chopondera, wina pansi wotsegula ndi kutseka kabawuti kotulutsira mafuta. Zaka zonse za ukwati wawo, phazi lopopalo linali la mayi Telala.

Mtima wa mayiwo unadzaza tsiku limene a Ndikonza analowa m'nyumba manja ali bii ndi girisi, n'kutola kansalu patebulo, n'kupukutira. Kansaluko kanali mkono wa diresi la kasitomala, wodula kale, ndipo nsalu yotsala panalibe. Atauzidwa, bambowo anakatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti ndi petulo pang'ono akonza. Pepani sanatuluke. Mayiwo sanakalipe, anangotseka pakamwa, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumbamo munkayankhula mbale ndi zitseko basi.

Mwana wawo wamkazi, namwino wa kutauni ina, anali atangochira kumene ndipo ankapempha mayi ake kuti akamuthandize kulera khanda. Mayi Telala analongedza, koma sanalongedze chikwama chokha. Anamasula makina patebulo lake, anawakulunga m'bulangete, n'kuwaika pakhomo. Munthu wongokaona mdzukulu satenga makina, ndipo a Ndikonza anazindikira zimenezo ngakhale ankachita ngati sakuona. Makinawo ndi miyendo yake yachitsulo sakanakwera basi, anafunika vani.

Ndiye Loweruka m'mawa, mayiwo atavala kale za paulendo, anapeza vani ili m'mwamba pa jeki, matayala akumbuyo ali gone pabwalo. Bambowo anauza tayala, poti akazi awo sankawayankha, kuti mabuleki akumbuyo atha ndipo munthu wanzeru sangatsike nawo mtsetse atanyamula katundu wolemera. Chokwiyitsa kwambiri chinali chakuti sankanama. Vaniyo inali itayamba kale kulira ngati poto wopalidwa ndi supuni nthawi iliyonse ikamaima.

Mayi Telala anakhala pakhonde chikwama chili pamiyendo, kupuma kwawo kuli kwa munthu wodziletsa. Anaona dilamu, chitsulo chovundikira mabuleki, likukana kuchoka mpaka kulimenya ndi hamala, fumbi lakuda likuwaza malaya amene anawasita okha. Anaona sipuling'i ikupulumuka pa pulayala n'kukagwera m'ngalande, bambo wa imvi zake akukwawa kuifunafuna. A Ndikonza ankamasula mbali imodzi yokha, ina n'kuisiya yomanga, ndiye ankangozungulira kukasuzumira kumene kachitsulo kalikonse kamakhala, ngati mwana wokopera mayeso. Ataika nsapato zatsopano za mabuleki anapezanso kuti silinda ya mabulekiwo ikudontha mafuta, nayonso anaisintha. Mayiwo anangotseka maso, chifukwa ankadziwa tanthauzo lake. M'mapaipi munali mutalowa mpweya, ndipo phazi lawo linali litafunika.

Dzuwa litapendeka, bambowo anatsegula chitseko cha dalaivala, anatsokomola, n'kukagona pansi pa vani. Mayiwo analowa, poti ulendo unali wawo, anavula nsapato n'kuika phazi pachopondera. Ntchitoyi ili ndi lamulo lake. Wapansi amati popani, kenako gwirani, ndipo wapampando ayenera kuyankha kuti wagwira, osasuntha phazi mpaka kabawuti katsekedwe. Koma mayi Telala anali atalumbira mumtima kuti mawu awo sawatayira munthu ameneyu. Anapopa, anagwira, osayankha. Bambowo anadikira yankho, mayiwo anayesa kuti zatha n'kukweza phazi pa nthawi imene kabawuti kankatsegulidwa, mpweya wonse n'kubwerera. Anabwereza, zinachitikanso chimodzimodzi. A Ndikonza anauza tayala kuti zikamatere vaniyi ikalambira pa jeki.

"Gwirani."

"Ndagwira," anatero mayiwo, ngati akuzulidwa dzino.

Kuchokera apo zinayenda. Popani, gwirani, ndagwira, siyani. Chopondera chimene chinkamira mpaka pansi chinayamba kubwezera, kenako chinauma gwa. Phazi limene laponda makina moyo wonse silinamizidwa, ndipo mayi Telala anadziwa kuti ntchito yatha. Koma pansipo mawu ankabwerabe. Popani. Gwirani. Anayankha mwendo ukuwawa, thukuta likunyowetsa bulauzi ya paulendo, mtima ukutukutira kuti munthu uyu ngakhale ntchito yotha satha kuisiya.

Kenako anayang'ana pagalasi la pambali. A Ndikonza anali atagona chagada pakatoni pafupi ndi tayala, sipanala ili pachifuwa, manja onse ali pamimba. Kabawuti sankakakhudza n'komwe. Ankangoitana, n'kumamvetsera yankho.

Mayiwo anapsa mtima moti anafuna kuliza hutala kuti msewu wonse udzaone. Koma chisoni chinawagwira, ndipo zimenezi zinawakwiyitsanso kuposa zoyambazo. Anatulutsa mutu pawindo.

"Bambo inu, mabuleki agwira kalekale. Mukufuna mwendo wangawu uthyoke?"

Kenako bambowo anayankha, osati kwa tayala ayi.

"Nsalu ija ndazungulira masitolo onse, mayi, kulibe. Petulo wangowonjezera banga. Imeneyo sinditha kukonza."

Chikwatirane, mayi Telala anali asanamvepo mawu amenewo. Sanali pepani, ndipo anafuna kuwauza choncho, koma anadziwa kuti kwa a Ndikonza kunena zimenezi kunali kowawa kuposa kugwada. Anavala nsapato, anatsika, n'kuima pamwamba pa mwamuna wawo wokalamba, wa fumbi mpaka m'makutu.

"Mangani matayala, kwa mwana ndikupitabe," anatero. "Makinawo mubwezere pawindo. Ndipo ndikadzapeza mwawamasula ngakhale kabawuti kamodzi, mudzandidziwa."

A Ndikonza anadzuka msana ukulira, n'kulunjika pakhomo pamene panali makina. Atatambasula manja kuti anyamule, anaima, anayang'ana bulangete, anayang'ana zikhatho zawo zakuda, kenako anayamba kuzipukutira pa buluku lawo.