Mboni Yachiwiri ya Munda Wanga

Ine sukulu ndinalekera sitandade 3, koma ndikayankhula kudimba, wa kutsidya kwa mtsinje ankadziwa kuti ndadzuka. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Kasenengwa palibe anandiuzapo kuti tsitsani mawu. Izi ndikulemba m'kope la mdzukulu wanga, m'masamba amene anatsala kumapeto. Zilembo zanga n'zopindika, wowerenga apirire.

Ndine Mngoni, koma ndinakwatira m'mudzi wa Achewa, chikamwini. Abale a mkazi wanga anandilozera thengo loti ngakhale mbuzi zinkaliopa, n'kuti lima apa. Ndinagwetsa mitengo ndekha, zitsa ndinazula ndi manja awa, malire ndinabzala nkhadze. Kumunsi ndinakumba ngalande n'kutsegula dimba, ndipo matimati anga ankafika mpaka kumsika wa Kapata, m'tauni ku Chipata.

Mkazi wanga atamwalira, mwambo wawo unali woti pakapita nthawi andisudzule. Kumeneko ndiko kumasula mkamwini kuti abwerere kwawo, munda n'kutsala m'manja mwa mbumba ya mkazi. Koma chaka chimenecho maliro anatsatizana m'mudzi, kenaka mvula inavuta, nkhaniyo inagona. Ine sindinaidzutse. Alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene ndiwo mwini mbumba, nawonso sanaitchule. Tinkapatsana moni kutchalitchi, ine n'kumawatumizira matimati. Zaka zinapitirira khumi. Ndinayamba kunena poyera kuti mundawo ndi wanga, ndipo palibe ananditsutsa.

Mdzukulu wangayo ndi mwana wa mwana wanga wamkazi, wakulira m'tauni ku Chipata, ndipo nthawi imeneyo anali ku koleji ya zauphunzitsi. Tsiku lina chimanga chitayamba kuuma anatsika minibasi ali ndi kope ndi foni. Anati aphunzitsi awo a kalembedwe awapatsa ntchito: aliyense alembe za chinthu chimodzi chimene banja lawo limati ndi lawo, ndipo asonyeze kuti wadziwa bwanji. Iye anasankha munda.

Ndinakondwa, sindibisa. Ndinavala jekete masana dzuwa likuswa mtengo. Anaika foni pamwala pansi pa mtengo wa mango kuti igwire mawu anga, ndipo anandiseka kuti ndisakuwe, foniyo si yogontha. Ndinamuyendetsa malire onse, kumuonetsa maenje a zitsa ndi chipsera cha nkhwangwa pamwendo panga. Analemba mpaka bolopeni inatha.

Patapita masabata awiri anabweranso, pepala lake litafiira ndi inki. M'mbali mwa ndime iliyonse aphunzitsiwo analembamo mawu omwewomwewo: Wanena ndani? Mwanayo anandifotokozera kuti ku koleji munthu mmodzi sakwana umboni. Ukamva mbali imodzi, upite kwa munthu amene angatsutse, umufunse funso lomwelo, kenaka uyerekeze. Anati amenewo ndiwo maphunziro ake, kusameza chilichonse chosatafuna.

Ndinamufunsa ngati aphunzitsi akewo anagwirapo nkhwangwa chibadwire.

“Agogo, sakuti ndinu abodza,” anatero akuseka. “Akuti ngakhale abusa afunika mboni yachiwiri.”

Nditafunsa kuti mboni yakeyo ndani, analoza kumtunda, kunyumba kwa alamu anga.

Pamenepo ndiye ndinalakwa, ndipo ndilembe bwinobwino kuti pasakhale wonena kuti mwana ndiye anaononga. Ndikanamukhazika pansi n'kumuuza kuti pali nkhani inagona, usaiponde. Iye za kusudzula sankazidziwa, agogo ake aakazi anamwalira iye akuyamba kumene sukulu. Koma ine kuuza mdzukulu wanga kuti ndikuopa funso? Ndinakweza mawu kuti apite, akafunse mudzi wonse ngati afuna, ndi akufa omwe.

Ndinamuona akukwera kanjira ka kumtunda, foni ili m'manja. Ndinatenga khasu kulowa kudimba, koma palibe chimene ndinalima.

Anabwerako dzuwa litapendeka, osaseka. Anakhala pakhonde n'kuyamba kukutumula fumbi lansapato zake nthawi yaitali.

“Agogo, kusudzula n'kutani?”

Ndinati ndi zakale zimenezo. Ndiye anandiuza mmene zinayendera. Alamu anamulandira bwino, anavomera kuti thengo ndinagwetsa ndine, anatinso m'mudzi munalibe munthu wamphamvu ngati ine. Akanalekera pomwepo bwenzi zitatha. Koma mwanayo anachita monga anaphunzitsidwa, anafunsa funso lomaliza, kuti nanga mundawo ndi wa yani. Pakhonde la alamupo panali amuna awiri, ana a mlongo wina wa alamu, anthu okwatira kale koma opanda malo okwanira olima. Ankaswa mtedza. Akuti onse awiri manja anaima. Alamu anati, “Mwana iwe, wafunsa bwino.”

Kuyambira pamenepo palibe anandinyoza, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Lamlungu alamu anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kunditchula kuti mkamwini wathu, mawu amene sindinawamve chimwalirire mkazi wanga. Matimati amene ndinatumiza anabwerera m'dengu lomwelo, akuti zikomo, tili nawo. M'mawa wina ndinaona amuna awiri aja akuyenda m'mbali mwa nkhadze zanga, wina kutsogolo wina pambuyo, akuponda mapazi ataliatali ngati oyeza. Nditawakuwira kuti mwataya chiyani, anavula zipewa n'kuti angodutsa. Amayi a pachitsime ndikafika ankasintha nkhani. Ndinakolola chaka chimenecho ngati munthu wokolola m'munda wa eni.

Ku koleji pepala lija linapambana onse. Aphunzitsi analiwerenga pamaso pa kalasi, n'kunena kuti kufufuza ndi kumeneku. Mwanayo anabwera nalo maso ali ofiira, akuti aling'ambe. Ndinamuuza kuti andiwerengere kaye. Anaika mawu anga onse, a alamu onse, ndipo kumapeto analemba kuti agogo anga anaupanga munda, koma mwambo sunawapatse. Ndinakalipa tsiku limenelo mpaka nkhuku zinathawira kuthengo. Koma nditamuuza kuti abwerezenso pang'onopang'ono kuti ndigwire bodza, sindinapezemo liwu ngakhale limodzi loti ndilizule.

Abale a mkazi wanga anabwera nkhokwe zitadzaza, m'mawa, anthu asanu, alamu ali patsogolo. Anakhala pamphasa mwaulemu wonse. Anandithokoza chifukwa chosunga mlongo wawo mpaka kumanda, anapepesa kuti anachedwa kundimasula, akuti kunali kundilakwira kundisunga womangika zaka zonsezi. Zokolola zonse ndi mbuzi anati ndi zanga. Munda ndi dimba zibwerera ku mbumba.

Mdzukulu wanga analipo. Anagwada n'kunena kuti iyenso ndi wa mbumba yomweyo kudzera mwa mayi ake, choncho gawo lake akulisiya m'manja mwa agogo ake. Alamu anamuyang'ana mosakwiya.

“Udzalima ndiwe, mwanawe?”

Mwanayo anali atatsala chaka chimodzi kuti akhale mphunzitsi, ndipo mayi ake khasu analisiya kalekale. Ine amene mawu anga ankawoloka mtsinje, ndinangoti zikomo.

Kwathu kumene ankati ndibwerere kunalibenso wondidziwa. Tsopano ndimakhala kukomboni ya Nabvutika ku Chipata, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwana wanga. Ndikatsokomola, a nyumba yoyandikana amati pepani. Ndamva kuti nkhadze anadula n'kugawa mundawo pawiri, koma mtengo wa mango anausiya.

Ndi mdzukuluyo sitinadane. Ndiye anandipatsa kopeli, akuti nanenso ndilembe, umboni usamangokhala wa pakamwa. Aphunzitsi akewo sindinawaonepo nkhope, ndipo sindinganene kuti anaphunzitsa zoipa. Koma iwo funso lawo analilemba pabolodi n'kupita kukamwa tiyi, osadziwa kuti likafika pakhonde la yani, ndipo pakhondepo pakhala ndani akuswa mtedza.

Mwezi uno mdzukulu wanga ali pasukulu ina ya kumidzi, kuyeserera kuphunzitsa. Dzulo anabwera kudzandiona, n'kundiuza kuti ana ake a kalasi yaikulu wawapatsa ntchito yomwe ija, ya chinthu chimene banja limati ndi lake. Ndinamufunsa ngati wawauzanso za mboni yachiwiri. Anayang'ana pansi n'kuti popanda imeneyo si kufufuza. Ndinafunsa kuti anawo alipo angati. Anati kalasi ndi yodzaza, ena amakhala pansi, ndipo onse apita nalo kwawo Lachisanu.