Nambala ya Kuiwala kwa Ababa

Bambo anga anagwira ntchito ya ulonda ku Area 10 mpaka imvi mbuu, ndipo chuma chimene anabwerako nacho ndi moni. Moni wawo ndi wa pageti: chipewa m'manja, mutu wowerama pang'ono. Mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu mwawo, anagona m'chipatala milungu ingapo n'kutuluka akuyenda okha. Koma nzeru sizinabwerere zonse. Ankathira shuga mu tiyi katatu, ankafunsa njinga imene anagulitsa kalekale. Moni wokha ndiwo unatsala wosagwedezeka.

Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ku City Centre, ndipo ndinawalembetsa pa inshulansi yanga ya chipatala. Kumeneko munthu sadwala ndi pakamwa ayi, amadwala ndi nambala. Nthenda iliyonse ili ndi nambala yake imene dokotala amalemba pa fomu. Fomu ya ababa inali ndi nambala ya kukha magazi mu ubongo basi. Ya kuiwala panalibe, ndiye a inshulansi anakanitsitsa kulipira katswiri woti aziwathandiza kukumbukira.

Wotilakwira anali moni womwewo. Dokotala akangoti, "Muli bwanji, bambo?" iwo chipewa m'manja kale. "Ndili bwino ndithu, kaya inu bwana? Kunyumba atsala bwanji?" Nanga mlonda angauze bwana kuti sali bwino? Dokotala ankangolemba kuti akuchira.

Ulendo wachitatu ndinawaphunzitsa mu minibasi kuyambira ku Area 1.

"Ababa, lero musakhale bwino, mwamva? Mukanene kuti mumaiwala."

Anavomera ndi mtima wonse. Titalowa kwa dokotala, anali bwino ndithu, mpaka anafunsa za ana a dokotalayo. Mtima unandiwira. Ndinatuluka kukamwa madzi ndisanalalatire munthu wophunzira.

Nditabwerera n'kutsegula chitseko, ababa anaimirira, chipewa m'manja.

"Takulandirani, mayi. Mukufuna kuonana ndi ndani?"

Dokotala anaseka kaye, kuyesa kuti ndi nthabwala. Atandiyang'ana nkhope anasiya. Anafunsa ababa mafunso angapo, tsiku, mwezi, kumene tili, kenako anafufuza pa kompyuta n'kulemba nambala ija pa fomu.

Miyezi iwiri ndinali nditaisaka nambala imeneyo, koma itapezeka ndinalira ngati mwana. Ababa anandikankhira mpando wawo.

"Khalani apa mayi, musalire. Mwana wanga abwera pompano, ndi amene amadziwa za mapepala."