Chingwe cha Chimphepo

Kalabu ya agalu inkakumana Loweruka m'mawa pabwalo la kuseri kwa fakitale yomwe inatsekedwa kalekale, ndipo woyamba kufika ankakhala a Chitetezo. Silinali dzina lobadwa nalo ayi. Linachokera pa udindo wawo woyang'anira za chitetezo m'kalabumo, koma linawakanirira ngati nkhupakupa, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho.

Ankafika atavala magolovesi, thumba m'manja, galu wawo Chimphepo ali pambali. Ankazungulira mpanda wonse kufufuza pamene waya waduka, kutola magalasi a mabotolo amene zidakwa zaswa, kukwirira maenje oti munthu n'kubinya phazi. Palibe ankawathokoza, ndipo iwo anasiya kuyembekezera. Ngozi imene sinachitike palibe amaiona.

Udindowu anaulandira chaka chimene galu wa membala wina anathamangitsa njinga yamoto n'kukokera mbuyake mumsewu. Mwiniwakeyo anali atakulunga chingwe pamkono, ndiye kuti achisiye zinakanika. Iye anathyoka phewa, wanjinga anathyoka mwendo, kalabu inatsala pang'ono kutha ndi milandu. Kampani ya inshuwalansi itavomera kuwatenga, inabwera ndi mfundo zake: pakhale munthu woyang'anira, chingwe chizigwiridwa ndi zala osati kumangidwa pamkono, ndipo aliyense wa galu wamkulu azionetsa kamodzi pachaka kuti angathe kumugwira. Wophwanya mfundozi akachita ngozi, kampani isamba m'manja. Pamsonkhano wosankha munthuyo aliyense anayamba kuyang'ana nsapato zake. A Chitetezo anali atangopuma ntchito yaukapitawo kunyumba yosungiramo katundu, kumene anazolowera kukalipira anthu osavala zipewa zolimba, choncho anakweza dzanja. Ankaganiza kuti ndi za chaka chimodzi.

Zaka zinapita iwo ali pachipata, ntchito yawo kunena kuti ayi. Ayi, chingwe icho chatha. Ayi, mwana asagwire galu wamkulu chotere. Ayi, wanuyo analumapo munthu, muvekeni chotseka pakamwa. Wina akang'ung'udza ankangomuuza kuti nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo mwambiwu anthu anatopa nawo mpaka ankaumaliza okha asanafike pakati. Anthu a agalu ndi ovuta, tisanamizane. Munthu angakukhululukire ukamunenera mwana wake, koma ukangoti galu wake ndi wosamva, wayamba udani wa moyo wonse. Mayi Telala, amene ali ndi shopu yosoka zovala pafupi ndi siteji ya basi, anabwezedwapo pachipata ndi a Chitetezo anthu onse akuona chifukwa chokulunga chingwe pamkono. Mayiwo anatha chaka osawapatsa moni, ndipo pamene anadzasankhidwa kukhala wapampando, moni wawo unali wa kunsonga kwa milomo.

Ndiye a Chitetezo anagwidwa ndi matenda a mwadzidzidzi. Anagona m'chipatala masiku ochepa, natuluka akuyenda bwinobwino, kulankhula bwinobwino, aliyense n'kumati Mulungu ndi wamkulu. Koma zala zinali zitasintha. Dzanja lamanja linkafumbata mwaulesi, ndipo lamanzere linali lopuwala chikhalire, chiphwanyikireni ndi bokosi kuntchito. Kapu ya tiyi inayamba kugwa yokha. Mabatani a malaya anasanduka ntchito ya m'mawa wonse.

"Makapu atha m'nyumba muno, bambo," anatero akazi awo tsiku lina akusesa zidutswa pansi pa tebulo. "Nanga chigalu chanucho mumachigwira ndi chiyani?"

"Chimphepo amandimvera."

"Amakumverani akafuna. Ngakhale ine ndimakumverani ndikafuna."

Chimphepo anali galu wakuda wa chifuwa chachikulu, wofatsa panyumba koma wosapirira akaona chinthu chikuthamanga. Anamutenga ali kamwana kokwana m'chipewa, chaka chimene mwana wawo womaliza anachoka pakhomo, ndipo kunena zoona, Loweruka pabwalo paja ndi pokhapo pamene bamboyu ankaoneka wamoyo. Akamaliza kukana anthu pachipata ankalowa ndi galu wawo, kumuyendetsa, kumukhazika, kumudumphitsa matayala, nkhope yawo n'kumasuka ngati ya munthu wina.

Choncho anachita chimene anakhala akuletsa anzawo zaka zonsezi. Anayamba kukulunga chingwe pamkono, kawiri katatu, n'kuphimba ndi mkono wa jekete, nsonga yokha n'kumaonekera m'zala ngati agwira. Dzuwa liswe mtengo, iwo jekete ili m'thupi. Anthu ankawaseka kuti ukalamba wabweretsa chisanu, iwo n'kumaseka nawo thukuta likutsika m'khosi. Ankadziuza kuti ndi za kanthawi, zala zibwerera. Sizinabwerere, ndipo chinyengo chimatopetsa kuposa ntchito. Ankabwerera kunyumba ali lefu, pamkono pali mkwingwirima, n'kukhala pakhonde mpaka chakudya kuzizira.

Tsiku loonetsa kagwiridwe ka agalu linafika. Kampani inatumiza wantchito wake, bambo wa taye yofiira woopa agalu, yemwe anaima patali pafupi ndi galimoto yake. Mayeso ake ndi osavuta: munthu amaima pakati pa bwalo ndi galu wake, wina n'kudutsa chothamanga ndi galu wina, ndipo wako akakoka uyenera kumuimitsa osasuntha phazi. A Chitetezo ndiwo ankaweruza, ndipo monga mwa chizolowezi chawo anadziika kumapeto. Anthu awiri analephera m'mawa umenewo, ndipo iwo anawauza mawu awo a nthawi zonse, mawu ali phwa, osawayang'ana kumaso.

Itafika nthawi yawo anaima pakati. Galu wina woyera atadutsa ngati muvi, Chimphepo anadumpha. Kukhala kuti chingwe chinali m'zala, chikanangopulumuka, galu n'kuthamanga, anthu n'kuseka, basi. Koma chinali pamkono. Chinawazula pamene anaima, anagwa ndi mawondo, kenako chifuwa, n'kukwekweretsedwa pafumbi mpaka galu anaima yekha n'kutembenuka modabwa. Mkono wa jekete unali utakwera kufika pachigongono. Chingwe chinali poyera, chokulungidwa bwinobwino, chitadya mnofu.

Munthu wa inshuwalansi anali atawerama pawindo la galimoto akulankhula pafoni, sanaone kanthu. Mayi Telala ndiwo anafika poyamba. Anaima mowatchinga, nagwada, n'kutsitsa mkono wa jekete uja ndi zala zawo zachangu za pamakina.

"Mwaterereka, bambo," anatero mokweza kuti onse amve. "Udzu uwu ndi wonyowa."

Panalibe udzu pamenepo, ndipo mvula inali itaiwalika. Koma mamembala anavomera m'modzim'modzi, eee ndi poterera pamenepo, ngakhale awiri aja amene anali atangolephera kumene. Wina anawapukuta fumbi kumsana. Wina anagwira Chimphepo pakhosi.

A Chitetezo anayang'ana nkhope zimenezo ndipo chifundo chawo chinawapweteka kuposa mawondo. Bola akanawaseka. Bola wina akanati chaona mnzako chapita, n'kuwasiya amalize okha. Anaona bwinobwino mmene zikhalire akavomera bodzalo: Loweruka likubwerali aima pachipata, munthu afika atakulunga chingwe, awayang'ana m'maso n'kumwetulira, iwo pakamwa pali gwa. Ndipo tsiku lina kudutsa njinga yamoto.

"Mayi, zikomo," anatero chapansipansi. "Koma sindinaterereke."

"Khalani chete inu," ananong'ona Mayi Telala. "Zaka zonsezi mwatitopetsa, lero mufuna mutitopetsenso? Palibe waona."

"Ndaona ine."

Anayesa kumasula chingwe, zala zinakana, mpaka mayiwo anachita kuwamasulira. Kenako anaimirira, natembenukira kwa anthu, n'kunena ndi mawu omwe aja a pachipata kuti Chimphepo sadzalowanso pabwalo mpaka atapezeka womugwira. Womugwira ndani? Galuyo sankalola dzanja la munthu wina kupitirira mphindi, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa. Munthu wa taye yofiira anabwera akuika foni m'thumba, nafunsa ngati zonse zayenda bwino. Wapampando anati zayenda. Iye anayamikira kalabuyo kuti ndi yosavutitsa kampani, nakwera galimoto yake.

Kunyumba akazi awo anawatsuka mabala ndi madzi amchere osafunsa kanthu, zomwe sizinali khalidwe lawo. Sabata yonse bamboyo ankanena kuti udindo autula, atopa, apeze wina. Mayiwo ankangoti mm. Ankadziwa kuti palibe wina adzakweze dzanja, ndipo ankadziwanso mwamuna wawo.

Loweruka litafika anadzuka nthawi yawo yomwe ija. Anavala malaya a manja aafupi, akazi awo n'kuwamangira mabatani. Atafika pachitseko anapeza Chimphepo ali kale pamenepo, mchira ukumenya khoma, chingwe chake atachiluma, akuwayang'ana kumaso. Anaima nthawi yaitali dzanja lili pachogwirira.

"Mayi," anaitana osatembenuka. "Tabwerani mudzamugwire, nditseke geti."

Mayiwo anabwera, nakhala pansi pakhonde, n'kukumbatira galuyo pakhosi ndi manja onse awiri. Bamboyo anatuluka n'kutseka, ulendo wa kubwalo. Anamumva Chimphepo akulira mpaka pamene anakhotera kumsewu waukulu.