Mlomo wa timba

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la fodya wa chingambwe litasakanikirana ndi la matope a ku Makhanga, ndiponso kulira kwa zitini zomwe ankazimangirira pa chingwe chodutsa m'munda wonse wa mapira. Maso awo anali atachita khungu, koma ankakhala pa nsanja tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo, akuingitsa mbalame. Akamva kulira kwake, zina ankazikokera chingwe, zina n'kuzisiya. Ine ndinkangoti nkhalamba ikulota, chifukwa kwa ine timbalame tonse todera tinali mpheta basi.

Tsiku lina ndinagenda kambalame kamodzi ndi legeni, n'kuthamanga nako monyadira.

"Agogo, ndapha mbava!"

Anakalandira m'manja, n'kukasisita pang'onopang'ono mpaka chala chinafika kumlomo. Kenako anandigwira dzanja.

"Bwera nacho chala chako. Wamva? Kamlomo kowonda ngati munga. Uyu ndi timba, amadya mbozi. Mpheta mlomo wake ngwonenepa, woswera mapira. Wapha waganyu wanga, mdzukulu, mbava wazisiya zikuseka."

Sanandikalipire. Anangondituma kukafunafuna chisa chake m'udzu, ndipo ndinachipeza chili ndi timazira titatu tomwe tinali tisanazizire. Ndinachita manyazi kwambiri moti legeniyo ndinakaiponya mu Shire.

Agogo anatisiya kalekale, ndipo munda uja madzi anaukwirira ndi mchenga. Ine ndili ku Blantyre, komwe m'mawa ndimadzutsidwa ndi maminibasi.

Sabata yatha mchemwali wanga Esinati, amene adakali kumudzi, ananditumizira chithunzi pa foni: kambalame kodera katatera pa bango, chisa chili pambali.

"Achimwene, kamanga pafupi ndi mpunga wanga. Ndiphwasule kapena ndikasiye? Inu ndi amene munkakhala ndi agogo."

Chithunzicho chinali chosaoneka bwino, ndipo chithunzi sichilira. Agogo akanangopendeka mutu kamodzi, dzina n'kutchula. Ndinachikulitsa ndi zala ziwiri mpaka kambalameko kanadzaza galasi lonse. Kamlomo kanali kowonda.

"Ndi timba. Usakhudze chisacho," ndinamuyankha.

Esinati anachisiya. Koma ine ndinakhalabe pa khonde foni ili m'manja, ndipo ndinangozindikira kuti chala changa chikusisita kamlomo kaja pa galasi, kudikira dzanja lokhakhala la agogo lija kuti lidzachigwire.