Mayi Adelaide, Mlendo wa M'mafulati a ku Mbare

Mayi Adelaide Jasse, amene tawaika m'manda mwezi uno, anabadwira ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambiki. Nkhondo itatentha mudzi wawo, anathawa ali mtsikana mpaka kudzafika m'dziko lino, kuno ku Mbare. Anakwatiwa ndi Bambo Severino, osoka nsapato pafupi ndi Musika, msika waukulu wa kuno, ndipo anabereka mwana wamwamuna, Tatenda.

Chitupa cha Mayi Adelaide chinkati ndi mlendo, ndipo anthu ankachikhulupirira kuposa nkhope yawo. Chimanga cha chithandizo chikabwera ankawadumpha. Kanthu kakasowa m'mafulati, maso ankathamangira pakhomo pawo. Ngakhale anzawo ochokera ku Malawi ankati, "A ku Mozambikiwa amadziwa zitsamba."

Mayi Adelaide Misa ya m'mawa sinkawaphonya, ndipo munthu wopanda abale akamwalira, ndiwo ankasambitsa mtembo. Ntchito imeneyinso inawabalira mbiri. "Akufunanji kwa akufa?" ankanong'onezana amayi pamjigo.

Chaka cha kolera kunamveka zoti alendo ndiwo abweretsa matenda. Mai Chenai, oyandikana nawo khomo, analetsa ana awo kulandira ngakhale buledi kwa Mayi Adelaide. Posakhalitsa Mai Chenai nawonso anadwala, abale n'kumaopa kulowa. Mayi Adelaide analowa ndi kapu ya madzi owiritsa a shuga ndi mchere.

"Mwathiramo chiyani?" anafunsa odwalawo, milomo itauma.

"Zimene anatiphunzitsa kukiliniki."

"Yambani ndinu kumwa."

Anamwa, n'kuwapatsa otsalawo. Sanachoke pambali pawo mpaka galimoto yopita kuchipatala itapezeka. Mai Chenai anachira, koma pamjigo inabuka nkhani ina: achira msanga bwanji? Wodziwa kumasula ndiye anamanga.

Mawu amenewa anawalasa Mayi Adelaide, moti anakalirira kutchalitchi. Tatenda atawapempha kuti asiye kuthandiza anthu osayamika, anamuyankha kuti, "Ndikasiya lero, adzati tinanena."

Malamulo atasintha, ana a alendo obadwira muno anayamba kulandira unzika. Tatenda anabwera kunyumba akuvina. Mayi ake anangoti, "Boma lasintha chitupa, mwanangu. Maso a anthu sasinthira ku ofesi."

Mayi Adelaide atakalamba, miyendo itatupa, Mai Chenai ankabwera kudzawasesera ndi kuwatungira madzi, koma sankalawa kanthu m'nyumbamo. Tsiku lomaliza, wansembe atawadzoza mafuta, Mai Chenai anawerama n'kufunsa chapansipansi, akuwaitana ndi dzina la mwana wawo:

"Mai Tatenda, mukupita. Ndiuzeni zoona. M'kapu muja munalibe kanthu kena?"

Mayi Adelaide anamwetulira. "Munali, anzanga. Pothira mchere ndinkakupemphererani."

Anatseka maso mwamtendere dzuwa lisanapendeke.

Amene anasambitsa mtembo wawo ndi Mai Chenai, amene chibadwire anali asanakhudzepo wakufa. Anagwira ntchitoyo mpaka kumaliza. Amayi ena anaima panja, akusuzumira pazenera ndi kunong'onezana.

Ife a Mphakati wawo wa kutchalitchi tagwirizana kupitiriza ntchito yoika maliro a anthu opanda abale, osafunsa kwawo. Ambuye, amene sanawakayikirepo Mayi Adelaide, awalandire kwawo kwenikweni.