Chifukwa Chake Ankafuna ya Dizilo

Anzanga, mwamuna ameneyu ndinakumana naye kukamwa kuli yasa.

Dzino lakumapeto linandizunza, ndiye ndinapita kuchipatala cha mano. Dokotala wake anali wamtali, wolongolola ngati wailesi. Zala zili m'kamwa mwanga, iye ali kalikiliki kundifotokozera za injini za magalimoto. Ine kumangoti "aaa... aaa..."

Atamaliza anati, "Ndinu mkazi woyamba kundimvetsera osanditsutsa."

"Ndikanatsutsa bwanji chitsulo chili palilime?"

Anaseka, n'kundipempha nambala. Dzino linapita, mtima nawo unatsatira.

Chaka chisanathe anandiveka mphete. Kwathu ankangomutchula kuti Adokotala, amayi mpaka kumamupatsa mpando wa bambo. Ma weekend okha ndiwo sindinkamuona. Lachisanu lililonse ankapita kutali, akuti kukazula mano kumidzi kopanda chipatala. Ine kumanyadira kuti ndapeza mwamuna wachifundo.

Tsiku lina anati, "Babe, kagalimoto kangaka si kabanja. Tigule SUV."

Nditangomva mawu oti banja, ndinayamba kale kuona ana anga pampando wakumbuyo.

Ku showroom anatilandira mtsikana wogulitsa, wamano oyera mbee. Adokotala m'malo moyang'ana galimoto, anayamba ndi kukamwa kwa mtsikanayo.

"Mano anuwa mumawasamala bwino."

Angawa sanawayamikirepo, anangozulako limodzi basi. Kuyambira pomwepo mtsikanayo ndinamutcha Manoyera, ndipo ndinadana naye ndi mtima wonse.

Anationetsa magalimoto ake. "Ya petuloyi makanika aliyense amaidziwa, koma imamwa. Ya dizilo imakonda maulendo ataliatali, mukamangozungulira nayo m'tauni imadwaladwala. Yamagetsiyi mumaitchaja kunyumba ngati foni, bola komwe mukupitako kukhale magetsi. Ndiye mundiuze, muziyenda nayo kuti? Muzikweramo angati?"

Funso losavuta. Koma wanga uja anakanda kumutu.

"Zimenezo ndikuimbirani foni."

Ine ndili pomwepo, anzanga!

Pobwerera ndinamuuza kuti ndakonda yamagetsi. Pa test drive inkayenda mwakachetechete, osanunkha utsi, ndipo ulendo wanga ndi wa kuntchito ndi kunyumba basi.

"Kumidziko muzipita ndi kakale kaja," ndinatero.

"Dizilo," anayankha.

"Nanga petulo? Tikumane pakati."

"Dizilo, babe. Za injini undisiyire ine."

Kenako mafoni anayamba. Foni ikalira, iye uyo pakhonde, chitseko n'kutseka. Ndikatchera khutu ndinkangomva "boot", "mabampu", kenako kuseka.

"Mukukambirana chiyani choti ine ndisamve?"

"Za galimoto. Sungazimvetse."

"Galimoto yake imaseketsa chonchi?"

Nsanje inandidya, sindibisa. Ndinasaka zithunzi za Manoyera pa intaneti, kumazikulitsa ndi zala kuti mwina ndipeze dzino lokhota. Ndinagula mankhwala oyeretsa mano mpaka nkhama zinatupa. Ndinkangoona mtsikanayo atakhala pampando wakutsogolo wa galimoto yanga, ukwati wanga ukupita ndikuyang'ana.

Ndinati fisi ameneyu ndikamuonere kuphanga kwake. Pa lunch ndinakwera minibasi, njira yonse ndikunola mawu.

Ku showroom kuja, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, Manoyera anandithamangira akumwetulira.

"Madam, mwachita bwino kubwera. Mipando ya mapasa mwatenga? Bwana anati tiyese ngati ikwane pamodzi ndi ya khanda likubweralo."

"Mapasa ati?"

"Anu aja... amene mumakhala nawo kufamu, kopanda magetsi kuja. Paja n'chifukwa chake ndinati yamagetsi ayi, poti bwana amabwera kwanuko Lachisanu lili..."

Anayang'ana mimba yanga, yophwa ngati mbale. Anayang'ana nkhope yanga. Mano aja anabisika.

Anandikhazika pampando, n'kundipatsa madzi. Mkazi amene ndinabwera kudzamutukwana ndi amene anandigwira dzanja.

"Pepani achemwali, ndimayesa ndinu mayi akunyumba. Ife timafunsa zimenezi aliyense, kuti munthu asagule galimoto yosamuyenera. Ine ndi bwanawo palibe chilichonse."

Ndinapita kuchipatala kuja molunjika. Ndinamupeza akuvula magolovesi.

"Mapasa ali bwanji?" ndinafunsa.

Sanakane. Anangokhala pansi, n'kuyamba zoti ankafuna kundiuza, zoti zinthu n'zovuta, zoti amandikonda ine.

"Chimodzi chokha mundiyankhe. Munthu wachilendo mwamuuza zoona zonse, mpaka mimba ya akazi anu. Ine wovala mphete yanu mwandinamiza chaka chathunthu. Chifukwa chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Ndikanamunamiza uja akanandigulitsa galimoto yolakwika."

Anzanga, mawu amenewo anandipweteka kuposa mapasa. Munthu ankaopa kulakwitsa injini, koma moyo wanga ankaulakwitsa osaphethira.

Ndinavula mphete, n'kuiika m'kambale kamene amaponyamo mano ozulidwa. Ndinatuluka osatseka chitseko.

Nsanje ndi galu wopusa, amauwa mlendo, wakuba akudutsa kuseri. Mwamuna akamalephera kuyankha funso losavuta inu muli pompo, musalimbane ndi wofunsayo.

Mwezi watha ndinaiona galimotoyo itaima pa maloboti, ine ndili m'mbali mwa msewu kudikira minibasi. Ya dizilo, mipando ya ana itandandalikidwa kumbuyo. Kutsogolo kunali mayi atatsitsa galasi, akuseka momasuka, mwina sakudziwa n'komwe kuti ine ndinakhalako. Ndinafuna kumumvera chisoni, koma chimene chinabwera ndi nsanje yomweyo.

Galimotoyo ndi yobiriwira, anzanga. Mtundu umenewo ndinasankha ndine.