Zitini za Mankhwala a Thonje

"Kodi amake Enelesi, chigubu chabwinobwino chotere mukuchiboolerenji?" Anandifunsa choncho a Nasibeko, oyandikana nawo nyumba kuno ku Chileka, atandipeza ndi msomali m'manja. Ndinangoseka, koma m'mphuno munali mutabwerera kale fungo la kwathu ku Lirangwe, chaka chimene thonje linabereka kwambiri.

Ndinali wongoyamba kumene kusenza ndowa. Mankhwala opopera thonje ankabwera m'zitini zolimba, zonyezimira, ndipo akatha panalibe wotaya chitini. Amayi ankachikwecha ndi mchenga ndi phulusa n'kumati chayera: china chamchere, china chotungira pachitsime, china cha thobwa. Madzi ake ankamveka ngati palafini, koma akuluakulu ankati chakupha mbozi sichipha munthu. Zinayamba kufa ndi nkhuku, kenako agalu. Tsiku lina mlongo wanga wamng'ono, Dayisoni, anamwa thobwa wa m'chitini chatsopano. Anagwa pakhonde, thovu kukamwa, akuphupha ngati nkhuku yodulidwa khosi, ndipo anatsirizika kumsana kwa amayi asanafike pamsewu.

Atatha maliro kunabwera azaumoyo, pambuyo pawo anyamata achipani a malaya ofiira. Wazaumoyo ankalankhula mofatsa kuti chitini chilichonse chituluke. Anyamatawo analibe zofatsa. Ankamenya zitseko ndi mapazi, mchere ndi thobwa kuzikhuthulira pansi. Bambo sanakhulupirire za zitinizo, ankati mwana wawo anachita kulodzedwa, ndiye anabisa m'nkhokwe chimodzi chimene ankasungiramo mbewu ya nyemba kuti isafumbwe. Anyamatawo atachipeza anawagwetsa pabwalo, kuwaponda m'nthiti, wina n'kuwamenya ndi mpini kukhutu mpaka magazi kuchucha m'khosi. Ine ndinali nditagwira nsalu ya amayi, mkodzo ukutsika m'miyendo. Bambo ali ndi magazi omwewo anawapatsa khasu kuti akakumbe nawo dzenje kutali ndi mtsinje. Zitini zonse anaziboola, kuziphwanya ndi miyala, n'kuzikwirira. Chitsime chakale anachifotsera, tinakumba china kumtunda.

Zinathandiza, ndisaname. Madzi anasiya kununkha, ndipo m'mudzi monse sitinaikenso mwana wa thovu kukamwa. Ndiye chigubu chimene sindikudziwa chinali cha chiyani, ine ndimaboola, wina aseke asaseke. Kwathu tinataya nkhuku zonse, agalu awiri, mbewu ya nyemba, khutu lakumanzere la bambo, ndi Dayisoni.